Bridal shower ya mwana wanga ili m'manja mwanga: ndiyambire pati, nanga za mphatso ndinene bwanji?

Funso

Ndine mayi wokhala ku M'baluku kuno ku Mangochi. Mwana wa achemwali anga, yemwe ndi mphunzitsi wa kupulayimale, akulowa m'banja mu Disembala, ndipo abale andisankha kukhala wapampando wa komiti yokonza bridal shower yake, imene tikufuna ichitike mu Novembala. Ife ndife a Anglican ochokera ku Malindi, koma abale a bambo ake ndi Asilamu a ku Namwera, ndipo mwamuna womukwatira amagwira ntchito ku Johannesburg. Atsikana anzake akufuna malo a kunyanja, zovala za mtundu umodzi, ndiponso khadi lolembapo ndalama yolowera pakhomo. Ine ndikuopa ngongole, ndipo ndikuopanso kukhumudwitsa alamu anga. Kodi mwambo wotere umakonzedwa bwanji, ndipo n'zololeka kuuza anthu mphatso zoti abweretse?

Yankho

Mayi, mantha anu awiriwo ndi oyenera. Pa zaka zimene ndakhala ndikuthandiza kukonza miyambo yotere ndi kulangiza atsikana olowa m'banja m'boma lino, ndaona kuti komiti imene wapampando wake amaopa ngongole ntchito isanayambe n'komwe ndi imene imamaliza abale akulankhulanabe. Ndikupemphani kuti chilichonse chimene mudzakambirane mudzachiyeze ndi funso limodzi: kodi mwana wathuyu adzanyamula chiyani pochoka pamalopo dzuwa likulowa? Ngati adzanyamula ziwiya zoyambira nyumba, ndalama yooneka, mawu omuthandiza, ndiponso ulemu wake uli wosathimbirira pamaso pa abale a mbali zonse, ndiye kuti mwambo wayenda, ngakhale utachitikira pansi pa mtengo wa mango.

Mwambowu si wa makolo athu. Unatchuka ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, pamene amayi ankasonkhana m'nyumba kudzapatsa mnzawo wokwatiwa zinthu zoyambira banja, ndipo dzina lake likufanizira mphatsozo ndi mvula yogwera mkwatibwi. Kuno kwathu unayambira m'mizinda, makamaka Blantyre ndi Lilongwe, ndipo unapeza zinthu ziwiri zimene tinali nazo kale n'kuzitengera: chilangizo, chimene anankungwi, amayi a kutchalitchi ndi amayi a kumzikiti akhala akupereka kwa namwali kuyambira kalekale, ndi perekaniperekani wa pa ukwati. Choncho shawa ya Chimalawi imakhala pa mafuwa atatu, omwe ndi ziwiya, ndalama ndi malangizo. Zokongoletsa, zithunzi ndi zovala zofanana ndi zokometsera chabe, ndipo vuto la masiku ano n'lakuti zokometserazo zikumadya ndalama zambiri kuposa zimene mkwatibwi amalandira.

Musanaitanitse msonkhano wa komiti, khalani pansi ndi mwini nkhaniyi, awiriwiri. Mufunseni chimene ali nacho kale ndi chimene akusowa, chifukwa mphunzitsi amene wakhala akudziphikira yekha m'nyumba ya pasukulu safuna mapoto ena asanu ndi atatu. Mwina akusowa matiresi abwino, makatani kapena chitofu cha gasi. Mufunsenso kumene adzakhale ukwati ukachitika. Ngati adzatsalira kuno mwamuna n'kubwerera ku Joni, monga zimachitikira m'mabanja ambiri a ku Mangochi, katundu wolemera ali ndi ntchito. Koma ngati adzatsatira mwamuna wake, mtondo ndi mbaula sizidzawoloka malire, ndipo ndalama ndiyo mphatso yanzeru. Mukatero, pitani nokha ku Namwera pamodzi ndi achemwali anu, mukaonane ndi azakhali ake a mwanayu. Musawauze pafoni, ndipo musadikire kuti adzamve kudzera pa khadi. Ife a mbali ino timatsata mtundu wa kwa mayi, moti n'zosavuta kuiwala kuti mwana ali ndi kwa bambo ake, koma mukawafikira alamu anuwo pakhomo n'kuwapempha kuti asankhe mayi mmodzi kapena awiri olowa m'komiti, mavuto ambiri amene mukuwaopa adzatha okha, pakuti za chakudya, zovala ndi nyimbo adzakuuzani eni ake mwambo usanafike, m'malo mokadandaulira kuseri mwambo utatha.

Komiti ikhale yaing'ono, ya anthu osapitirira 10, ndipo msungichuma asakhale inuyo kapena amayi ake a mkwatibwi. Ndalama iliyonse yolowa, kaya yabwera pamanja, pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba, ilembedwe m'kope limodzi, ndipo mlembi aziika chithunzi cha tsambalo pa gulu la WhatsApp la komiti sabata iliyonse. Powerengera bajeti, yambani ndi zimene mukuyembekezera kulandira, osati zimene mukufuna kugula. Tiyerekeze kuti mwaitana amayi 80, ndipo podziwa matumba awo mukuona kuti aliyense angadzaponye pafupifupi K5,000. Zonse pamodzi ndi K400,000. Ngati holo, zokongoletsa, chakudya, woimbitsa nyimbo ndi wojambula zikufuna K900,000, ndiye kuti abale asonkha K900,000 pofuna kuti mwana alandire K400,000, pamene akanangomupatsa m'manja ndalama yosonkhayo akanapindula kuposa kawiri. Manambalawa ndi ongofanizira, inu ikanipo anuanu, koma lamulo langa silisintha: zowonongedwa pokonza mwambo zisapitirire theka la zimene mkwatibwi angadzalandire, ndipo zilipiridwe zonse tsikulo lisanafike kuchokera pa zosonkha za komiti. Malonjezo a pakamwa musawawerengere ngati ndalama. Amene walonjeza K50,000 pamsonkhano woyamba, anthu akuomba m'manja, nthawi zambiri ndi yemweyo amene foni yake imakhala yozima sabata yomaliza. Ndiponso ndalama yathu sichedwa kuchepa mphamvu, monga tinaonera mu Novembala 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, choncho ndalama ikangolowa gulani msanga zosawonongeka monga mpunga, mafuta ophikira ndi shuga.

Ndikunena izi chifukwa ndinadzionera ndekha. Chaka china ndinali m'komiti ya shawa ya mwana wa mnzanga, ndipo tinagwirizana ndi wokongoletsa malo kuti theka la malipiro ake tidzamupatsa kuchokera mu perekaniperekani. Mwambo utangotha, alendo asanabalalike, wokongoletsayo, woimbitsa nyimbo ndi mwini mipando anazungulira tebulo la owerenga ndalama, aliyense kapepala kake kali m'manja. Zimene zinatsala m'lichero sizinakwane n'kugula bulangeti komwe. Mtsikanayo anaona zonsezo ali pa mpando wake wokutidwa ndi nsalu yonyezimira, ndipo sanalankhule kanthu. Mlandu sunali wa wokongoletsayo, amene ankangofuna malipiro a ntchito yake; unali wathu a komiti.

Za tsiku, Novembala ali ndi zovuta zake zimene muyenera kuziganizira. Ndi mwezi umene anthu amathamangitsira ndalama ku feteleza ndi mbewu, ndi mwezi wa kutentha koopsa kuno kunyanja, ndiponso mvula yoyamba imatha kugwa mwadzidzidzi ndi mphepo yosasula matenti. Ndikanakhala inu ndikanasankha Loweruka kapena Lamulungu loyamba la mweziwo, aphunzitsi anzake atangolandira malipiro a Okutobala, kuti patsale masabata anayi kapena asanu oti anthu apezenso kangachepe ukwati usanafike, popeza ndi anthu omwewo amene adzaponyenso pa ukwati, ndipo ena anaponya kale pa chinkhoswe. Mukaganiza zochititsa mwambowu mu Okutobala, pewani masiku ozungulira pa 15, tsiku la anakubala, pamene anthu a m'mizinda amakhamukira kunyanja ndipo malo ndi magalimoto zimakwera mtengo. Lachisanu silingatheke chifukwa cha swala ya Juma. Yambani cha m'ma 1:30 masana, Asilamu ataswali Dhuhr, swala ya masana, ndipo Akhristu atabwera kutchalitchi ngati ndi Lamulungu, ndipo mumalize pofika 5 koloko, chifukwa a ku Namwera ali ndi zitunda zoti akwere ndipo si bwino kuti amayi azifunafuna galimoto mdima utagwa. Konzaninso kachipinda kaukhondo, mkeka ndi madzi, kuti ofuna kuswali Asr, swala ya chakumadzulo, atuluke mwakachetechete n'kubwereranso.

Malo a kunyanja ndi okongola pa zithunzi, sindikana. Koma kuchokera pa boma kukafika ku Nkopola ndi ulendo wa makilomita oposa 20, ndipo alendo anu ambiri, ochokera ku Malindi ndi ku Namwera, ali tsidya lina la Shire, moti adzayenera kuwoloka pa mlatho wa Bakili Muluzi, kutsika pa boma, n'kukweranso galimoto ina. Ndalama imene mayi akanaponya m'lichero idzathera kwa kondakitala. Malo ambiri ogona alendo salolanso chakudya chochokera kunja, kutanthauza kuti mudzagula mbale iliyonse pa mtengo wawo, ndipo ambiri ali ndi bala pafupi, chinthu chimene chingawasowetse mtendere amayi ena a mbali zonse ziwiri. Holo ya sukulu, holo ya pa boma kapena bwalo la nyumba ya mbale wanu lokhala ndi mpanda ndi mthunzi zikukwanirani, malinga pali mphepo yodutsa, chimbudzi chabwino, madzi akumwa ambiri ndi jenereta yodikirira ngati magetsi angazime. Ngati atsikanawo akulirabe nyanja, apite m'mawa ndi mkwatibwi akajambulitse pamchenga, pa ndalama zawo.

Nkhani ya theme, kapena kuti mutu wa mwambo, imadya nthawi yambiri ya misonkhano kuposa kufunika kwake. Ntchito yake ndi kugwirizanitsa maonekedwe a malo ndiponso kuthandiza alendo kudziwa mphatso yoyenera, osati kuika msonkho pa anthu. Kusankha mtundu umodzi kapena iwiri, monga woyera ndi wabuluu, n'kwabwino ngati mwalemba kuti amene ali nacho chovala cha mtunduwo avale, ndipo amene alibe abwere ndi chimene ali nacho. Chitenje chofanana chikhale cha komiti ndi abale apafupi amene afuna okha. Ubwino wa chitenje ndi wakuti mayi wa Chisilamu adzasoketsa diresi lalitali ndi mpango wake, mtsikana wa m'tauni adzasoketsa sitayilo yake, wa kumudzi adzangochimanga m'chiuno, onsewo n'kuoneka a banja limodzi. Mutu umene ine ndimaukonda kwambiri kuno ndi wa khitchini ya kwathu: matebulo oyalidwa zitenje, madengu ndi mikeka ya mlaza yolukidwa konkuno, malichero, miphika yadothi, ndi zipatso za malambe m'malo mwa maluwa apulasitiki obwereka. Zimenezi n'zotsika mtengo, ndipo mwambo ukatha zokongoletsazo zimasanduka katundu wa mkwatibwi. Mutu wina wothandiza ndi wogawa nyumba m'zipinda, kuti aphunzitsi anzake aone za pabalaza, amayi a mpingo a Mothers' Union za kukhitchini, azakhali za kuchipinda chogona. Mitu yofuna zovala zazifupi kapena zoonekera mkati, imene atsikana amaiona pa Facebook ndi pa TikTok, muikane mwaulemu koma mosazengereza. Pamalo pamene pakhala agogo ndi azakhali a ku Namwera singayende.

Chimodzimodzinso nyimbo. Woimbitsa apatsidwe mndandanda pasadakhale, wopanda nyimbo zotukwana, ndipo mupereke mpata kwa amayi a mpingo ndi amayi a kumzikiti kuti gulu lililonse liimbe nyimbo yake imodzi pokaperekeza mphatso, chifukwa palibe chimene chimadzutsa amayi pa mipando ngati nyimbo imene amaidziwa. Woyendetsa mwambo akhale mayi womva Chiyao, kuti agogo a ku Namwera akalandiridwa m'chilankhulo chawo adziwe kuti sanabwere kudzangodzaza mipando.

Chakudya chikhale chopepuka koma choti aliyense adye mosakayika. Nyama yonse, kaya ndi nkhuku kapena mbuzi, ikhale yochinjidwa ndi Msilamu, ndipo alamu anu adziwe amene wachinja. Kuno zimenezi n'zosavuta, ndipo Mkhristu sataya kanthu podya nyama ya halaal. Nkhumba ndi mowa zisayandikire n'komwe, ngakhale kuseri kwa holo kapena m'buti ya galimoto ya woimbitsa nyimbo. Ngati mumaganiza za chambo, kumbukirani kuti kuyambira pa 1 Novembala nyanja imatsekedwa kwa asodzi a makoka kuti nsomba ziswane, ndipo chambo chimasowa n'kukwera mtengo. Mpunga wa nkhuku, samusa, mandasi, thobwa lozizira ndi juwisi wa malambe n'zokwanira. Chifukwa cha kutentha, zonse ziphikidwe m'mawa wa tsiku lomwelo, ndipo saladi wa mayonezi musiyeni. Muwerengerenso mbale zoonjezera, pakuti kwathu kuno khadi limodzi limabwera ndi anthu awiri, wina ali ndi mwana kumbuyo.

Tsopano za mphatso, pamene pagona funso lanu lenileni. Kulemba ndalama yolowera pa khadi kwafala m'matauni, ndipo ochita zimenezi amati kumathandiza kudziwa chiwerengero cha anthu ndi kubweza ndalama za chakudya. Ine sindikulangizani kutero pa mwambo uwu. Mlendo amene walipira pakhomo amadziona ngati wagula malo, ndipo m'maganizo mwake mphatso wapereka kale, moti zimene mwapeza pakhomo mumazitaya m'lichero. Choipa kwambiri n'chakuti ndalama yolowera imasefa anthu molakwika. Imalowetsa mnzake wa kuntchito amene anadziwana naye chaka chatha, n'kusiya kunja agogo amene anamubereka kumbuyo ndi mayi woyandikana nawo nyumba amene ankamupatsa phala amayi ake ali kumunda, anthu amene mphatso yawo ingakhale nkhuku yamoyo, lichero la mpunga wopuntha okha kapena mthiko wosema. Tangoganizani azakhali atsika galimoto kuchokera ku Namwera, fumbi lili kumapazi, mtsikana wa pakhomo n'kuwafunsa risiti. Chilonda chimenecho sichidzapola msanga, ndipo amene adzachimve kuwawa ndi mwana wanuyo, osati mtsikana wa pakhomoyo. Ngati komiti ikuona kuti ndalama ya chakudya sikwana, chepetsani alendo kapena chepetsani chakudya, kapenanso anzake a kuntchito asonkhe mwa iwo okha mwakufuna kwawo, koma aliyense amene mwamuitana alowe osafunsidwa kanthu.

Komano kuuza anthu zimene mkwatibwi akusowa si mwano, malinga mwadziwa kanenedwe kake ndi woyenera kunena. Mkwatibwi mwini asapemphe kanthu kwa munthu. Opempha ndinu a komiti. Pa khadi pangolembedwa mawu ochepa, onena kuti mphatso ya chiwiya kapena ya ndalama idzalandiridwa ndi manja awiri, ndi kuti ofuna kudziwa zimene zikusoweka afunse mlembi. Mlembiyo asunge mndandanda umene munalemba ndi mwana wanu, wokhala ndi zinthu za mitengo yosiyanasiyana, kuyambira pa chipande, sefa, beseni ndi ndowa mpaka pa fulasiki, mapoto, zofunda ndi chitofu, ndipo wina akasankha chinthu achichonge, kuti pasadzabwere mafulasiki 6 popanda mpeni ndi umodzi womwe. Zinthu zodula muzipereke kwa magulu: aphunzitsi a pasukulu pake, amayi a mpingo, gulu la banki m'khonde la amayi ake, kapena abale amene ali ku South Africa, amene nthawi zambiri amafuna kuthandiza koma sadziwa chofunika, ndipo mukapanda kuwauza amatumiza bulangeti lachitatu. Amenewa auzeni msanga, chifukwa katundu wotumiza pa basi kapena kudzera kwa matransipota amatenga masiku, ndipo amatha kufika mwambo utapita kale. Alendo amene amandifunsa kuti apereke zingati ndimawayankha kuti ayambe awerengera maulendo onse atatu, chinkhoswe, shawa ndi ukwati, agawe chimene angathe, ndipo asatenge katapila chifukwa cha manyazi. Amene wabweretsa chiwiya sakakamizidwa kuponyanso ndalama yambiri, ndipo amene walephera kubwera n'kutumiza kenakake pa foni ayenera kuyamikidwa mofanana ndi amene anavina pabwalo.

Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo n'chifukwa chake mphatso iliyonse iyenera kulembedwa m'kope pamodzi ndi dzina la woipereka, kuti banja latsopanoli lidzadziwe koyamika ndi kobwezera tsiku la anzawo likadzafika. Koma kulemba m'kope n'kosiyana ndi kulengeza pa maikolofoni. Woyendetsa mwambo amene amati "mayi uje aponya K20,000, nanga inu azakhali muli pati?" amaseketsa anthu kwa kamphindi n'kuchititsa manyazi holo yonse. Mumuuze malire ake, ndipo mugwirizane malipiro ake pasadakhale, osati kuti adzatenge gawo la zoponyedwa, chifukwa wolipidwa mwa njira imeneyo amatalikitsa perekaniperekani mpaka anthu kutopa. Maulendo oponya asapitirire asanu kapena asanu ndi umodzi, ndipo anthu aziitanidwa m'magulu, a kwa mayi, a kwa bambo, a kwa mwamuna, a kuntchito, a kumpingo, kuti wosauka aponye kandalama kake ali pakati pa anzake popanda womuyang'anitsitsa. Pakhale tebulo la osintha ndalama, la anthu awiri ochokera mbali ziwiri za banja, lokhala ndi ma K50, ma K100 ndi ma K200 okwanira, chifukwa mayi amene wabwera ndi K5,000 imodzi, ndalama yapepala ija inayamba kugwira ntchito mu 2022, amafuna kuvina maulendo angapo. Ndalama ziziponyedwa m'lichero kapena m'dengu, osati pansi pomwe zimapondedwa, kung'ambika ndi kusowa. Mphatso zokulunga musazitsegule pagulu. Ku America amatsegula pamaso pa onse chifukwa kumakhala anthu ochepa odziwana, koma m'holo ya anthu 80 zimangoyerekezetsa wa makapu awiri ndi wa firiji.

Pali mphatso zina zimene siziyenera kuonekera n'komwe pa holo. Mikanda ya m'chiuno, zovala zamkati, tinsalu ta kuchipinda ndi zina zotero ndi za anankungwi ndi azakhali, ndipo zimaperekedwa m'nyumba, chitseko chili chotseka, pamodzi ndi malangizo ake. Chizolowezi chonyamula zinthu zimenezi m'mwamba anthu akukuwa, mafoni ambirimbiri akujambula, chimavula mtsikana pagulu, ndipo mwana wanu ndi mphunzitsi: kanema wojambulidwa Loweruka, pofika Lolemba amakhala ali m'mafoni a makolo a ana a m'kalasi mwake ndiponso kwa apongozi ake. Chilangizo cha kuchipinda chikonzereni tsiku lake, madzulo ena kunyumba, pakhale amayi okwatiwa ochepa amene mkwatibwi amawakhulupirira, mafoni atsale panja. Pa shawa penipenipo pakhale wojambula mmodzi, ndipo zithunzi zipite kaye kwa mkwatibwi kuti asankhe yekha zopita pa intaneti.

Malangizo a pagulu akhale ochepa ndi okhudza moyo umene mtsikanayu akukalowa. Olankhula atatu kapena anayi, aliyense mphindi 10, akukwana, ndipo mmodzi mwa iwo achokere kwa alamu anu, mayi wolemekezeka wa kumzikiti, kuti mwambo usaoneke ngati msonkhano wa mpingo umodzi. Pemphero lotsegulira apereke a mbali ina, dua yotsekera a mbali inayo. Popeza mwamuna ali ku Johannesburg, pezani mayi amene anakhalapo m'banja lotalikirana chotere, alankhule zoona zake: momwe ndalama zotumizidwa zimayambanitsira mkazi ndi abale a mwamuna, kufunika kogwirizana poyera kuti ndalama ya pakhomo ndi iti ndipo ya apongozi ndi iti, kusunga bwino setifiketi ya ukwati, kulembetsa malo ndi nyumba m'maina a onse awiri, ndi kusasiya ntchito ya uphunzitsi chifukwa cha marandi. Namwino alankhule za kukayezetsa magazi onse awiri ukwati usanachitike ndiponso mwamuna akamabwera kutchuthi, za kulera, ndi za kuyezetsa khansa ya khomo la chiberekero, imene ikupha amayi ambiri m'dziko muno. Mawu akuti banja ndi kupirira adzanenedwa ndithu, ndipo ali ndi malo ake pa nkhani ya umphawi, matenda ndi kusiyana maganizo. Koma pakhale wina wonena momveka kuti kumenyedwa si kupirira, kuti dziko lino lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja kuyambira 2006, ndi kuti ankhoswe akalephera, kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ya Victim Support Unit. Ndimadandaula ndikamva olankhula asanu motsatizana akuphunzitsa mtsikana wophunzira kuchapa masokosi a mwamuna, popanda ndi mmodzi yemwe womuuza kumene angathawire usiku zinthu zitavuta.

Mwachizolowezi mkwati amafika chakumapeto ndi anzake ochepa, kudzathokoza amayi, kupereka mphatso yake ndi kuponya ndalama. Ngati mkamwini wanuyo adzakhale asanafike kuchokera ku Joni, musamukakamize kulipira ulendo wautali wa basi kawiri m'miyezi iwiri. Atumize mlongo wake kapena amayi ake aang'ono ndi envulopu, ndipo mawu ake othokoza anenedwe ndi iwowo. Kumuimbira pa kanema wa foni holo yonse ikumvetsera kumathera m'manyazi netiweki ikadula.

Ntchito yanu yomaliza monga wapampando ndi ya madzulo omwewo. Ndalama ziwerengedwe pamalo pomwepo ndi anthu atatu, wa kwa mayi, wa kwa bambo ndi mnzake wa mkwatibwi, chiwerengero chilembedwe m'kope, onse atatu asayine, ndipo ndalamazo ziperekedwe m'manja mwa mkwatibwi mwini pamaso pa amayi ake. Zisagone m'nyumba ya munthu wina, ndipo zisabwerekedwe ndi komiti ya ukwati ngakhale italonjeza kubweza, pokhapokha mwini wake atafuna yekha; ngati n'zambiri, aziike pa foni ejenti asanatseke, kapena ku banki Lolemba m'mawa. Mphatso ziwerengedwe molingana ndi kope zisanakwezedwe m'galimoto, chifukwa pakati pa holo ndi nyumba ndi pamene mafulasiki amasowera. Pasanathe sabata, lipoti la zolowa ndi zotuluka lipite kwa onse amene anasonkha, mkwatibwi aimbire foni akuluakulu mmodzimmodzi, ndipo ku Namwera mupitenso nokha ndi achemwali anu, mutanyamula paketi ya shuga ndi zithunzi ziwiri zitatu zotsukitsa, pakuti si azakhali onse amene ali pa WhatsApp.